Abakha Makumi Atatu

Lachiwiri lililonse timayala mphasa pabwalo la kwa Momotaz,
asanuasanu, ngati zala za dzanja,
kudikira mnyamata wanjinga wochokera ku Sunamganj
ndi ambulera yake yong'ambika ndi kabuku kobiriwira.

Tsiku loyamba anandipatsa cholembera.
Ine ndinatambasula chala chachikulu,
chomwe ndinadinda nacho tsiku la ukwati
pansi pa mawu amene palibe anandiwerengera.
Iye anati ayi mayi, pano tikufuna dzina.
Masabata atatu ndinkalikanda pansi ndi kamtengo kuseri kwa khola,
mwana wanga Shefali akundiseka,
nkhuku zikulifufuta ndi mapazi,
mpaka linaima palokha: Jorina.
Lopindika ngati mbedza, koma langa.

Mataka zikwi zisanu ndi zitatu.
Ndinawamanga kunsonga ya sari
ndipo njira yonse mfundoyo inkanditentha pamimba.
Motaleb ndinam'peza pakhomo, dzanja atatambasula kale.
Matayala a rikisho atha, anatero,
nanga mkazi ndalama achita nazo chiyani?
Apongozi anangoyang'ana m'mphika.
Ndinam'patsa zikwi ziwiri kuti m'nyumba mugoneke,
zotsala ndinakwirira m'mtsuko wa mpunga,
m'mawa n'kukagula tiana ta abakha makumi atatu.

Kuno madzi akamabwera saodira.
Minda yonse imamira, mudzi n'kutsala ngati msana wa njati.
Anthu amadandaula, abakha amakondwa.
Ndinkawaperekeza pa bwato lobwereka
akutola nkhono pamwamba pa minda ya eni,
madzulo n'kubwera okha ndikaitana.

Kenaka mliri.
Khumi ndi mmodzi m'masiku anayi, makosi atapindika.
Lachiwiri silinadwale ayi,
linabwera ndithu, ulendo uno pa bwato, kabuku kali m'pulasitiki.
Ngongole sidziwa maliro.
Tonse tinkadziwa za mayi wa mudzi wa tsidya
amene anazula malata padenga kuti abweze,
ana ake n'kumagona akuwerenga nyenyezi.
Ndinakhala kumapeto kwa mphasa, manja ali m'khwapa.
Momotaz anamasula mfundo yake.
Aleya anatulutsa za mafuta a nyale.
Rahima, yemwe tinatukwanana chaka chatha chifukwa cha mbuzi,
anaponya zake osandiyang'ana n'komwe:
usandithokoze, ukagwa iwe tagwa tonse.
Kaya chinali chikondi, kaya mantha.
Ndinalandira ndi manja awiri.

Dzira loyamba ndinalipeza m'bandakucha, likadali lofunda.
Sindinaligulitse.
Ndinaliwiritsa, n'kulidya ndekha nditaimirira,
ine amene kuyambira ndili mtsikana
ndimadya amuna akakhuta.

Tsopano ogula amakocheza pakhomo panga.
Timawerenga anayianayi, ndipo sandiberanso,
Shefali amakhala pambali ndi kope lake la kusukulu.
Kabuku kobiriwira katsala masamba awiri.
Chiwongoladzanja chimaluma, ndisaname,
usiku wina ndimadzuka kukawerenga abakha mumdima
ngati kuti wina wabwera kudzawatenga.
Mnyamata wanjinga akuti ndikamaliza nditengenso yokulirapo.
Ndamuuza kuti ndikaganiza.
Mawu amenewo, ndikaganiza,
sindinkadziwa kuti nanenso ndili nawo m'kamwa.

Dzulo Motaleb wabwera kuchokera ku Sylhet, tcheni chaduka.
Anaima pakhomo nthawi yaitali, akukanda m'mutu,
kenaka chapansipansi: ungandibwerekeko?
Apongozi anasiya kupeta.
Ndinang'amba pepala m'kope la Shefali,
ndinalemba mazana asanu, ndi tsiku lobweza,
n'kumupatsa cholembera.
Iye anatambasula chala chachikulu.

Ndinati ayi bambo,
pano tikufuna dzina.
Kamtengo kali kuseri kwa khola.